Kudzichepetsa kwa Mainchesi Angati?

Pakhonde la golosale ina ku Biwi pamakhala a Ephraim, telala amene mukawauza kuti zinthu zathina amakufunsani kuti m'chiuno kapena m'mapewa. Loweruka lina kunatulukira Mirriam, mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa Fomu 3 wamakani osati masewera, atanyamula bulauzi yake ya yunifolomu, imodzi yokhayo, pakuti aphunzitsi anali ataitana onse ofuna uhedigelo kuti akafunsidwe mafunso 2 koloko atavala za sukulu.

"Malume, batani lokha ili. Fulumirani, lero ndikukatenga mpando."

"Mpando? Ukausenza pamutu kapena tiitane wa kabaza?"

"Uhedigelo, malume! Utsogoleri!" Mirriam anatambasula pepala lochokera kusukulu nakhala pabenchi, atawafulatira. "Tamverani zomwe akufuna. Mtsogoleri akhale woona patali."

"Minibasi yaima apoyo ikupita kuti?"

"Aaa, ndidziwa bwanji ine?"

"Walephera choyamba. Pitiriza."

"Asakhale ndi mtima wapachala."

A Ephraim anamugwira dzanja, nayang'ana chala chimodzichimodzi. "Palibe. Apa wakhoza."

"Ndisiyeni, inu! Chachitatu, ndipo achilemba ndi zilembo zikuluzikulu, akhale wodzichepetsa."

Apa a Ephraim makutu anaima. Zaka makumi awiri ali pamakina, mawu amene amawamva bwino ndi omwewo. Anachotsa tepi m'khosi pang'onopang'ono.

"Wodzichepetsa, eti? Ndiye mwana iwe bwanji osanena kale? Akufuna kwambiri kapena pang'ono?"

"Kwambiri. Akuti ndiye mutu wa nkhani."

"Iwe unayamba wadzichepetsapo?"

"Ine? Pasukulu yonse ija palibe wondiposa. Ngakhale ahedi sangandifike."

"Koma sizikuoneka," anatero akuyang'ana bulauzi ija. "Apa pali malo otsala ambiri."

"Malo ake ati? Ine ndinafika kale pamapeto."

"Nanga amene ukupikisana naye?"

"Thandie? Wa kuseri kwa mpanda wathu uja? Iih, amayesa, koma pang'ono chabe."

"Ndi msinkhu wako uja, si choncho? Ali ndi mabulauzi awiri."

"Akhale nawo khumi. Sitiyankhulana. Ndinamuuza pamaso pa kalasi yonse kuti mutu wake ndi wongosenzera ndowa."

"Sunapepese?"

"Kupepesa choonadi? Ndife."

A Ephraim anagwedeza mutu, natenga choko. "Ndiye Thandie akadzichepetsa mainchesi awiri, iwe?"

"Chilichonse chimene angachite Thandie, ine kawiri."

"Anayi. Mbali zonse?"

"Zonse, malume. Kutsogolo, kumbuyo, paliponse. Musandisokoneze, ndikuloweza." Anaimirira nayamba kulankhula ndi mtengo wa magetsi. "Aphunzitsi anga olemekezeka, ine Mirriam, amene nonse mukudziwa kuti ndine wanzeru..."

Kumbuyoku sizasi inali kweche kweche. Ndikunena pano, mtsikanayo anaimva ndithu, koma munthu akamadzitamanda makutu amapita kutchuthi.

"Manja nawonso?"

"Manja atani?"

"Mtsogoleri wa manja aatali ndi wakuba."

"Eya, zoona zimenezo. Ayi, ine manja aatali sindifuna."

"Basi, achoka."

Makina analira, gudugudu gudugudu. Atamaliza, a Ephraim analuma ulusi, nakutumula ntchito yawo monyadira.

"Nayi. Batani ndaikanso."

Mirriam anatembenuka. Pepala linagwa.

"Mayo ine! Ichi n'chiyani?"

"Utsogoleri."

"Malume, iyi ndi bulauzi ya chidole! Mwandipha! Ndivala chiyani 2 koloko?"

"Tayesa kaye. Upume mpweya wonse utuluke."

"Mutu wokha sungalowe!"

"Ndiye vuto ndi mutu. Wakula. Umenewo ndilibe sizasi yake."

"Bwezeretsani nsalu yanga!"

"Yomwe yadulidwa? Mwana iwe, ine ndine telala, si mneneri. Unati kawiri kuposa Thandie. Ndakufunsa mbali zonse, wavomera. Mtengo wa magetsi uwu ndi mboni."

"Kudzichepetsa kwake si kumeneko!"

"Kulinso kwina?"

"Ndi kwa mumtima! Kusadzimva! Kuvomera ukalakwa!"

"Ooo." A Ephraim anakanda chibwano. "Ndiye kumeneko uli nako mainchesi angati?"

Mirriam anayang'ana wotchi ya m'golosale. Inali itadutsa 1 koloko, ndipo wopanda yunifolomu ankabwezedwa pageti pomwe. Misozi inalengeza, ya mkwiyo weniweni.

"Biwi yense uno, wa saizi yanga ndi mmodzi," anatero ndi mawu otsika.

"Wa ndowa uja."

"Sindingapite."

"Usapite. Ndikuchepetsere siketi kuti zifanane?"

"Musaiyandikire!" Anatola pepala lake nalipinda kanayi. "Ndikanena kuti chiyani?"

"Ine za kusukulu sindizidziwa."

"Ndikati... Thandie, ndinalakwa. Pepa. Ndibwereke bulauzi." Anameza malovu ngati akumeza kwinini. "Mwina mpaka ndikagwade."

Ananyamuka, mutu uli pansi, kulowera njira ya kwa Thandie. A Ephraim anabwezera tepi m'khosi, namukuwira:

"Iwe Mirriam! Kugwadako n'kwa mainchesi khumi ndi asanu. Ukanayambira pomwepo, bwenzi bulauzi ili yamoyo!"