Anapembedza Mulungu Moyo Wonse, Mkazi Kamodzi

Malemu alamu athuwa anabadwa pa 9 Juni 1951, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekezera sitandade 8, kenaka anaphunzira ukalipentala, ntchito imene anaigwira mpaka manja atayamba kunjenjemera.

Pa 14 Ogasiti 1976 anakwatira achemwali anga akhala apawa. Andituma kuti ndisabise kanthu, choncho ndinena: iwo akuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi mnzawo anali tchalitchi chino.

Mu 1983 malemu anasankhidwa kukhala oliza belu, anthu n'kuwatcha a Belu. Mabenchi mwakhalirawo anakhoma ndi iwo, pamene kunyumba mpando wa achemwali unatha zaka khumi uli ndi miyendo itatu, wachinayi uli njerwa.

Mwamva abusa akuti anali munthu wopembedza. N'zoona, koma mawuwa ali pawiri. Timapembedza Mulungu titagwada. Timapembedzanso mwana akamalira, kapena mkazi akakwiya, mpaka mtima wake utatsika. Pa kupembedza koyambako alamu anali katswiri. Kwachiwiriku ayi: achemwali akakwiya, alamu ankangonyamula buku la nyimbo n'kutuluka. Achemwali ankatsala pawindo nsanje ikuwadya, kumvetsera mwamuna wawo akuitana anthu ena onse ndi belu.

Matenda a impso anayamba mu Malichi chaka chatha. Mankhwala ankawakana, ndipo wowapembedza kuti amwe, supuni ili m'manja, anali yemwe uja sanapembedzedwepo.

Lachiwiri lapitali m'mawa, kuchipatala, malemu anapempha kuti awaitanire abusa. Achemwali zinawakwana. Analira mokwiya, kufunsa ngati ndi lero lomwe malo oyamba akadali a tchalitchi. Malemu anawagwira dzanja n'kuyamba kuwasisita, kuwanyengerera ndi mawu apansipansi, kuwatchula dzina la paubwana wawo, mpaka misozi inaleka. Abusa atafika anadikira pakhonde mphindi makumi anayi. Masana ake alamu anatisiya.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza anamwino, akwaya, ndi akalipentala anzawo amene akhoma bokosili. Abusa, pa kudikira kuja achemwali akuti sapepesa: zaka 48 zinali zanu, mphindi zimenezo n'zawo.

A Belu, usani mumtendere kwa Iye amene munkamupembedza. Wakutenganinso ndi Iyeyo, ndipo achemwali sanamukhululukirebe.