Tsiku limene ndinafika osaimba foni

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga. Ndikufuna ndikuuzeni za miyezi iwiri imene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha makina amene ankachira ndikafika, n'kudwalanso ndikangotembenuka.

Ine ndine mmisiri wa zamagetsi, ndipo ndimasamalira makina oyendetsa mphepo m'nyumba zikuluzikulu. Kampani yathu inandipatsa nyumba yosungiramo mbewu ya mbatatesi ya gulu lina la alimi cha kufupi ndi Bembeke. Mbatatesi imapuma ngati munthu. Ikaunjikidwa popanda mphepo imachita thukuta, kenako n'kuyamba kuwola. N'chifukwa chake m'nyumbamo muli fani yaikulu, paipi ya malata yodutsa m'mbali mwa khoma yokhala ndi mabowo otulukira mphepo, ndi kabokosi kolamulira zonse kamene timati kontirola. Kabokosiko kamayeza mphamvu ya mphepo m'paipi. Ikachuluka kamachepetsa liwiro la fani, ikachepa kamawonjezera.

Mwezi wa Juni uli mkati, wapampando wa gululo, a Chimbalanga, anandiimbira foni kuti fani ikuzungulira mwaulesi ndipo milu ina yayamba kununkha. Ndinawauza kuti ndifika mawa lake. Nditafika ndinapeza fani ikulira bwinobwino, mphepo ikutuluka m'mabowo onse, pansi posesedwa mochititsa kaso. Ndinayeza apa ndi apo, osapeza kanthu. Ndisabise, ndinabwerera ndikuseka mumtima kuti alimi awa sadziwa makina.

Patapita masiku atatu anaimbanso. Ndinasintha kachipangizo koyezera mphepo. Anaimbanso, ndinasintha mawaya. Ulendo wachinayi ndinachotsa kontirola yonse n'kuika yatsopano. Nthawi zonsezi ndinkayamba ndaimba foni kuti ndikubwera, paja munthu wolera bwino sangotulukira pakhomo pa eni ake ngati mbala. Ndipo nthawi zonse ndinkapeza makina ali bwino. Koma kontirola imasunga mbiri ya mmene yagwirira ntchito, ndipo mbiriyo inkaonetsa kuti fani inkafookadi masiku onse amene ine kunalibe.

Apa ndiye mutu unaima. Matumba a mbewu yowola anayamba kutayidwa kudzala, alimi n'kumandiyang'ana ndi diso lina. Ena ankanong'ona kuti ndimaika zipangizo zakale, zatsopanozo n'kukagulitsa. Abwana anga ku Lilongwe anandiuza mosapita m'mbali kuti Lachisanu likadutsa vutoli lisanathe, ndikasiye makiyi a njinga yamoto ku ofesi. Zaka khumi ndi ziwiri pantchito, ana atatu pasukulu, ine n'kugonja kwa kabokosi kosaposa buledi kukula kwake. Ndinkapsa mtima ndi aliyense. Mayi a kunyumba akandifunsa kuti zayenda bwanji ndinkawayankha ngati ndi iwo anapanga makinawo.

Iwowo ndi amene anandikokera ku mapemphero a Mphakati wa mpingo wathu Lachitatu masana. Sindinkafuna, chifukwa ndinkaona ngati kupempherera fani n'kumuchepsa Mulungu. Titamaliza kupemphera korona, mayi a kunyumba aja anaimirira n'kunena nkhani yanga yonse pamaso pa anthu, ine manyazi atandigwira. Pemphero langa linali lalifupi komanso lamwano pang'ono. Ndinati, Ambuye, nzeru zanga zatha, ngati pali chimene sindikuchiona ndioneteni, chifukwa ine ndayang'ana paliponse.

Sabata imeneyo kwathu magetsi anali atazima masiku awiri, ndipo Lachinayi m'mawa foni yanga inali itatheratu moto. Ndinadandaula kuti ndikafika bwanji osadziwitsa a Chimbalanga, koma nthawi inali itandithera. Ndinakwera njinga m'chifunga chija cha kuno chimene sutha kuona ngakhale mbuzi ili pamsewu, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira.

Nditalowa m'nyumbamo ndinapeza amayi asanu ndi mmodzi atakhala pamphasa m'mbali mwa khoma, akusankha mbatatesi. Fani inkangozungulira pang'onopang'ono. Kuyang'ana paipi, mabowo onse a mbali imene anakhalayo anali atatsekedwa ndi ziguduli, zofinyidwa bwino ndithu. Mphepo inkasowa potulukira n'kupanikizana m'paipi, kontirola n'kumaona ngati yachuluka, basi n'kuchepetsa fani. Milu yonse ya mbali imeneyo sinkalandira mphepo ngakhale pang'ono. Kabokosi kaja kanalibe mlandu, kankangochita zimene ndinakauza.

Ndinafunsa mokweza kuti ndani waika zimenezi, nanga bwanji sindinazionepo. Amene anandiyankha ndi aNachisale, mayi wachikulire amene amatsogolera osankhawo, ndipo sananjenjemere n'komwe. Anati a Chimbalanga akangonena kuti amisiri akubwera, iwo amasesa, kuchotsa ziguduli zonse n'kukazipinda, chifukwa mlendo sangapeze nyumba ili ndi nsanza zolendewera. Ndikachoka amazibwezera, ndipo poweruka amazisiya momwemo kuti m'mawa asavutike.

Kenako anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Inu bambo mumabwera dzuwa litakwera, mutavala jekete ziwiri. Ife timakhala pano kuyambira m'mamawa, chimphepo chanucho chikutiwomba m'chiuno. Munatifunsapo?"

Maulendo anayi onse ndinkawapatsa moni n'kuwadutsa, kuthamangira kukalankhula ndi kabokosi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri. Ndinakhala pansi pamphasa pomwepo kuti ndimve, titachotsa chiguduli chimodzi. Abale anga, mphepo imeneyo inali yolasa mpaka m'mafupa. Sindikanapirira ngakhale ola limodzi.

Ndinawapepesa, kenako ndinawafotokozera zimene ziguduli zinkachita ku mbewu yawo yomwe. ANachisale anagwira pakamwa, chifukwa ena mwa matumba otayidwa aja anali awo. Tsiku lomwelo ine ndi a Chimbalanga tinasamutsira malo osankhira kuchipinda cha kutsogolo kumene kulibe paipi, n'kukhoma mapulanga pakhomo lake kuti mphepo isamadutse. Sindinagule chipangizo chilichonse. Pofika Lachisanu masana fani inali isanafookepo, ndipo nditawaimbira abwana n'kuwafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola. Makiyi a njinga ndikadali nawo. Mbewu yambiri inapulumuka, inadzalidwa, ndipo ine ndinagona tulo tabwino koyamba m'miyezi iwiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha pondithera moto mufoni, chinthu chimene m'mawa umenewo ndinkachiyesa tsoka. Ndikuthokozanso mayi a kunyumba amene anapirira ukali wanga, ndi aNachisale amene sanaope kundiuza zoona.

Inu amene mwagwira njakata pantchito kapena pakhomo, mwayesa zonse ndipo anthu ayamba kukukayikirani, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera, ngakhale nkhani yanu ikuoneka yaing'ono moti n'kuchita nayo manyazi pamaso pa Ambuye. Amamva ndithu. Ine ndinkadikira kuti andiwonjezere nzeru za mawaya, koma Iwo anandikhazika pamphasa kuti ndizizidwe kaye.