Wina Akupalira, Wina Akufesa

M'chilimwe cha 1976, kampani ina ya kufupi ndi mzinda wa Mississauga, kutsidya kwa nyanja, itamaliza kukumba mchenga ndi miyala, boma linailamula kuti ikonze chidzenjecho, ndipo inalemba ntchito Amalawi awiri, munthu ndi mlamu wake: Medson wa shifiti ya m'mawa, munthu wosamva za mnzake, ndi Yotamu wa masana, amene ukamuuza kuti dikira pano umakamupeza pomwepo mawa lake. Tsiku lina kapitawo, mzungu waulesi wosakwera mtunda, anawaitana onse pamodzi chifukwa kumabwera inspekitala, ndipo akapanda kukhutira ndiye kuti ntchito yatha, tikiti ya ndege ya Bertha, mkazi wa Medson amene ankadikira ku Ntcheu, yathera pomwepo.

"Alamu, taonani!" anatero Medson, khasu lili paphewa, akuloza mtsetse wonse. "Kuyera mbee! Inspekitala akhoza kuyala mphasa."

"Ndaona," anatero Yotamu, akumasula thumba lake.

"Koma dothi la kuno ndi lamwano. Ndikapalira apa, posakhalitsa udzu uli biriwiri. Kwathu udzu umaopa khasu."

"Ukumeradi bwino. Ndimauthirira."

Medson anatsitsa khasu pang'onopang'ono.

"Mumathirira chiyani?"

"Udzu umene ndimafesa. Kapitawo anati paliponse pamene dothi lili poyera, ndifese. Ndikabwera masana ndimapeza poyera pachuluka, ndiye ndimafesa."

"Mayo ine! Ndiye mfiti ija ndakhala ndikuipempherera kutchalitchi ku North York ndinu?"

"Sindinadziwe kuti mumandipempherera. Zikomo kwambiri."

"Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kufesa udzu! Udzu amafesa? Udzu umabwera wokha ngati mlendo wa nthawi ya chakudya!"

"Uwu umabwera m'matumba, pa lole."

"Akukupusitsani! Ine anandiuza kuti ndisamalire malowa. Kusamalira munda n'kutani? Si kupalira?"

"Za inu sanandiuze."

"Simunadabwe kuti udzu wanu ukupita kuti?"

"Ndinkafuna kudabwa. Koma anati ndifese, sanati ndidabwe."

Medson anapisa m'thumba n'kutulutsa machesi.

"Basi. Kwatsala katchire kaja kumusi, pafupi ndi geti. Tingotentha zitheretu. Mwinanso tim'gwirira inspekitala timbewa tiwiri."

"Azungu sadya mbewa, alamu."

"Sanalawe zowamba bwino."

"Komanso katchire kameneko kapitawo amakajambula dzulo. Amati byutifu."

"Byutifu? Chisokonezo chija?"

"Amati mtsetse wonse ukakhala choncho mvula siikokololanso dothi, inspekitala asaina, ife tikhalabe pantchito."

"Aaa, chabwino, ndi zongoyembekezera. Nanga chimanga abzala liti?"

"Palibe chimanga."

"Nyemba?"

"Ayi."

"Ngakhale maungu m'mbalimu?"

"Udzu basi."

"Ndiye akolola chiyani?"

"Sakolola. Amaumeta, kenaka n'kumauyang'ana."

Medson anakhala pamwala. Anayang'ana khasu, anayang'ana mtsetse uja anausesa ndi mtima wake wonse, anayang'ana mulu wa udzu umene anazula m'mawa womwewo. Kunena zoona, anamvetsa chisoni.

"Ndiye kuti mbewu yake ndi udzuwo."

"Eya."

"Ndiye ine, chilimwe chonsechi..."

"Mwalimbikira, alamu. Ngakhale muzu simusiya. Ine ndimakunyadirani."

"Bwanji osandiuza?"

"Simunafunse."

"Ndikanafunsa bwanji zinthu zosadziwa?"

"Limenelo ndi funso labwino."

Kumsewu kunabuka fumbi. Galimoto yoyera ya inspekitala inaima pageti, kapitawo n'kuyamba kuloza kumtunda akumwetulira, poti anali asanakuoneko.

"Ndi iwowo," anatero Yotamu. "Muwapatse moni ndi khasu lomwelo, aone amene wagwira ntchito."

"Bertha wanga!" anakuwa Medson. Anaponya khasu kuseri kwa miyala, nagwada pamulu paja n'kuyamba kuwokera udzu ndi manja, phata limodzilimodzi, akuutsindira ndi kuupepesa. "Gwira, mwanawe, gwira! Alamu, mukuyang'ana chiyani? Fesani!"

"Pati?"

"Paliponse! Ngakhale pamutu pangapa!"

Yotamu anayang'ana dazi la mlamu wake, naona kuti palidi poyera. Anatapa mbewu dzanja lodzaza n'kusendera pafupi.

Medson anam'gwira mwendo.

"Imani pomwepo! Munakulira kuti inu, munthu wosadziwa ulimi? Simukuona kuti mukuponda mbewu?"