Msoko wa Pansi pa Nthiti za Dokotala Kalilangwe

Abale ndi alongo, anamfedwa nonse, dumelang, monga amaperekera moni kuno. Amene tikuwagoneka m'mawa uno ndi Dokotala Perpetua Mwayi Kalilangwe, mayi Mbewe. Anabadwa pa 4 Okutobala 1977 ku Kawale, mu Lilongwe. Kumudzi ndi ku Mtakataka, boma la Dedza. Anali achiwiri mwa ana asanu.

Sukulu anayambira ku Kawale komweko. Sekondale ku Likuni. Mu 1996 anasankhidwa kupita ku Chancellor College, kukaphunzira sayansi. Digiri ya udokotala wa zofufuza anaitengera ku Joni mu 2010.

Muno mu Gaborone anafika chaka chotsatira, kutada kale, basi itachedwa pabodala. Sankadziwa munthu. Wa takisi atanena kuti ku Gaborone North nkutali, iwo anayamba alemba nambala ya galimoto papepala, mwini wake akuona. Ndi mmene analili malemuwa. Chinthu asanachiyeze, sankachikhulupirira.

Mu 2013 anakwatiwa ndi a Silas Mbewe a ku Chipata, amisiri a zamagetsi ku Fairgrounds. Anamanga nyumba ku Metsimotlhabe. Ana anabadwa awiri.

Ntchito yawo ambiri sitinkaimvetsa, ndipo mpamene panayambira manong'onong'o. Ankagwira ku labu yofufuza za khansa. Ankafufuza lakiteti, asidi amene minofu imatulutsa munthu akathamanga kwambiri. Kale akatswiri ankamuyesa zinyalala za m'thupi. Mu 2019 kunadziwika kuti amakamatirira pa mapuloteni ngati chidindo, nkusintha ntchito zawo. Kukakamirako dzina lake ndi lakitileshoni. Malemu ankati m'thupi labwino chidindocho chimauza asilikali a thupi kuti nkhondo yatha, tsopano poletsani bala. Koma chotupa cha khansa nchochenjera. Chimafulula lakiteti wambiri, nkugoneka asilikaliwo nkhondo ili mkati. Iwo ankafunafuna njira yofufutira chidindocho.

Kumpingo anali a Katolika, oimba kwaya. Ena mwa inu munapereka chala kuti akubayeni mutathamanga pa masewero a mpingo. Ena munakana. Ena munawatcha namapopa kumbali. Ankadziwa. Ankangoseka, amvekere namapopa wanji wopempha kadontho kamodzi nkunena ke a leboga, zikomo wa kuno.

Anayamba kudwala mu Marichi chaka chatha. Zotsatira za kuchipatala anaziwerenga okha dokotala asanatsegule pakamwa. Inali khansa ya chiwindi. Analandira mankhwala miyezi khumi ndi inayi. Anatisiya pa 3 Juni.

Lero ndi pa 14. Mukudziwa nonse kuti maliro achedwa. Akubanja atipempha kuti chifukwa chake chinenedwe pano, chisamayende m'mafoni.

Abale atafika kuchokera ku Dedza, amayi aakulu anakana zoti mwana wawo asambitsidwe ndi anthu a kampani ya maliro. Analowa eni ake m'chipinda chosambitsira ndi amayi ena awiri. Pansi pa nthiti, kumanja, anapeza msoko watsopano. Malemu sanachitidwepo opaleshoni pamenepo ali moyo. Amayi aakulu anatuluka osamaliza kusambitsa.

Zoona zake ndi izi. Malemu analemba kalata yopempha kuti akamwalira, anzawo a ku labu adule kachidutswa ka chotupacho, apitirize kuyeza chidindo chija. Kalatayo anaonetsa amuna awo. Amunawo anasayina. Malume awo, a Hector Dzimbiri, amene ndi mwini mbumba, sanauzidwe kanthu. Mwina malemu anaiwala. Mwina ankadziwa yankho. Sitingawafunsenso.

A Dzimbiri anafunsa kuti mkamwini analandira liti mphamvu pa thupi la mbumba ya eni. Anafunsa kuti chinadulidwa ndi chotupa chokha kapena pali zina. Anafunsanso kuti ngati nkhaniyi inali yoyera, bwanji anaidziwira m'chipinda chosambitsira maliro. A Mbewe anayankha kuti analonjeza kwa mkazi wodwala, ndipo lonjezo lotero supita nalo kubwalo. Bokosi linakhala losatseka sabata yathunthu.

Lachitatu a Dzimbiri anapita ku labu. Anawaveka chovala choyera. Anawatsegulira firiji yotulutsa utsi wozizira. Munali timabotolo tisanu ndi kamodzi, kalikonse kochepa kuposa chala chaching'ono. Panalibe dzina, nambala yokha. Iwo anati nambala si mwana wa mlongo wawo. Anaitanitsa kalata ija. Anaiwerenga kawiri, nkuiyerekeza ndi makalata akale amene anabwera nawo m'thumba la jekete. Zolembazo zinali za dzanja limodzi. Anapempha dokotala wina, wosadziwana ndi a labu, kuti aone thupi. Dokotalayo anati ziwalo zonse zilimo.

Sananene kuti akhutira. Chimene anagamula ndi ichi: timabotolo titatu tilowe m'bokosi, kuti akanene kumudzi kuti anabweza zimene anatha kubweza. Titatu titsale, poti mwini wake anatero. Ndipo chilichonse chimene a labu adzapeze, chidzalembedwe m'Chichewa, chikawerengedwe ku Mtakataka pamaso pa mbumba. Titatuto taikidwa kumutu kwa malemu dzulo masana, a Dzimbiri akuona ndi maso awo.

Abale anyamuka mawa mbandakucha kubwerera ku Dedza. A Mbewe anapempha kuwaperekeza ku depoti. A Dzimbiri ati akwera takisi.

Malemu asiya amuna awo, a Silas Mbewe; ana awiri, Cheryl ndi Ryan; mchemwali mmodzi ndi achimwene atatu; amayi aakulu; ndi malume awo, a Hector Dzimbiri.

Mayi Perpetua, mwadikira masiku khumi ndi limodzi kuti ife tigwirizane. Tafika pomwe tafikapo. Apumule mu mtendere.