Maluwa a M'chitini

Mu Okutobala 1996, pa siteji ya Songani, amayi awiri osadziwana ankadikira minibasi. Wina anali atafungatira chitini chodzalamo kambewu.

"Mayi, tsabola ameneyu mwagula pati?"

"Si tsabola, ndi maluwa."

"Maluwa? Pakhomo pa munthu wakumudzi? Bwanji osadzala mpiru?"

"Wawafuna ndi mwana wanga Jenifa. Anabwera kuchokera ku Limbe akudwala, chaka chonsechi ali pamphasa. Akuti ndidzale pafupi ndi khonde kuti aziwaona ali chigonere."

"Ayi pepani. Koma akudya?"

"Adye chiyani? Futali amene ankamulirira ali mwana, dzulo ndinamuphikira, nsinjiro zambirimbiri. Anangonyambita supuni n'kutembenukira kukhoma."

"Phala la mpunga mwayesa?"

"Zonse, mayi. Ngakhale tchipisi cha pamsika pano. Zikunenepa ndi nkhuku zanga."

"Nanga maluwawo amasula liti?"

"Ogulitsa akuti Januwale, mvula ikakhazikika."

"Aa, si kale. Mukawokere pamthunzi, muzithirira madzulo."

"Januwale, mayi? Mukanamuona mwanayo. Iyayi, sindiwokera. Akhale m'chitini momwemu, asadzativute kunyamula popita kumanda."