Ndinawoloka nditamangidwa ngati mbuzi

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni.

Mukundidziwa. Ndine uja munamumanga ndi chingwe cha ng'ombe chaka chatha, nditavula pamsika wa Makhanga. Musazolike, ayi, mutu unasokonekeradi. Kuchipatala ananditulutsa ndi mapiritsi ndi khadi. Adokotala anati, "Mwezi ndi mwezi muzibwera kudzatenga ena. Mukadumphitsa, matenda adzabwerera."

Ndinafika pakhomo pali zii. Amuna anga atachoka, mwana wanga Esinati atatengedwa ndi apongozi. Apongoziwo anati, "Mvula ikatha osadwalanso, mwana tidzakubwezera." Ndiye piritsi lililonse ndinkameza ndikutchula Esinati. Kudya ndekha, kumunda ndekha, ngakhale m'tchalitchi muno, benchi lonse ndekha. Ee, ndanena.

Kenaka madzi anasefukira, ife kutsala pachilumba. Tsiku la pakhadi linakwana m'kabotolo mutatsala mapiritsi awiri. Ndinapita padooko kuti ndiwolokere kuchipatala, nditatenga makhadi anga onse, la chipani ndi la chipatala. Mwini bwato anangondiyang'ana nati, "Mayi, wamisala sakwera mwadiya wanga. Zikakuyambani pakati pa madzi, tonse tithera ng'ona."

Ndinabwerera. Mawa lake chimodzimodzi. Piritsi lomaliza ndinameza ndikulira. Ena muno munati, "Si unapemphereredwa iwe? Mankhwala ndi a chiyaninso?" Abale, mutuwu ndi wanga, ndimaudziwa. Unali utayamba kale kuwira.

Tsiku lachitatu ndinatenga chingwe chija. Chomwe chija! Ndinachisunga. Ndinati kwa mwini bwato, "Bambo, ndimangeni manja ndi miyendo, koma mundiwolotse."

Anandimangadi. Anandigoneka pansi m'bwatomo, pambali pa mbuzi ziwiri zamalonda, madzi akundinyowetsa msana. Bwato likanagubuduzika, sindikanasambira. Anthu kuseka. Panalibe ndi mmodzi yemwe wondifunditsa chitenje. Manyazi amene aja sindidzawaiwala. Ine ndinkangoyang'ana kumwamba ndikuti, "Yesu, nanunso anakumangani, musandisiye."

Ndinawoloka, abale! Ndinalandira mankhwala. Pobwerera ndinaperekanso chingwe, manja nditatambasula. Mwini bwato anayang'ana kabotolo kodzaza kaja, anayang'ana ine, nati, "Sungani chingwecho. Khalani pathabwa, mayi." Kuyambira pamenepo sindinadumphitse mwezi.

Mvula yatha. Dzulo apongozi abweretsa Esinati. Sanandizolowere, ndikamuitana akubisa nkhope, ndipo "amayi" sananditchulebe. Zimawawa, sindinama. Koma uyo apoyo, wa diresi lofiira, wakhala pabenchi langa.

Takhuta, Mulungu wanga, zikomo. Piritsi ndimezabe, padooko ndipitabe. Amayi, lulutirani nane! Ndipo ndikamatsika pano, amene wakondweradi asunthe abwere. Pabenchi lija tilipo awiri okha, malo akadalipo.