Denga Limene Linayenda pa Sabata

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a m'makomboni onse kuyambira ku Norton mpaka ku Tengwe, landirani moni. Ine ndine Wedisoni Mbewe, kalaliki pa pulazi ya fodya kufupi ndi Norton. Ndikufuna mudziwe mmene Mulungu anapulumutsira mkazi wanga Nabanda, pamene anthu anafuna kumugwetsera denga iye ali chigonere ndi chifuwa chachikulu. Ndilemba mosapsatira mawu, pakuti mtima wanga sunapolebe.

Nabanda atatuluka m'chipatala, adokotala anandiuza kuti azigona payekha, apo ayi ana onse atenga matendawo. Nyumba za pa komboni mukuzidziwa: chipinda chimodzi, ana momwemo, mbaula momwemo. Choncho m'nyengo yozizira ndinamanga kanyumba kozungulira kuseri kwa nyumba yathu, chakumunsi kumene kuli damu. Udzu ndinamweta ndekha ndikaweruka, ndipo ndinafolera denga lochindikala loti dontho silingadutse.

Dzuwa litayamba kutentha kunabwera azungu a boma oyang'anira madzi. Anayeza kuchokera m'mphepete mwa damu n'kuika miyala yopaka laimu, nati kumunsi kwa miyalayo kusapezeke nyumba iliyonse, madzi angaipe. Mzere wa miyalawo unadutsa pakhomo penipeni pa kanyumba ka Nabanda. Koma bwana, mwini pulaziyi, ali ndi khonde limene amamwerapo mowa ndi alendo ake, ndipo mizati yake ili m'madzi mwenimwenimo. Khondelo analipatsa chilolezo chapadera. Ine sukulu ndinapita, Chingelezi ndimamva, ndipo ndinawamva ndekha akugwirizana zimenezi uku akuseka.

Ndinapita kwa bwana kukapempha chilolezo ngati chakecho, kufikira mkazi wanga atachira. Anati lamulo ndi lamulo. Ndinamufunsa ngati lamulolo lili ndi maso oona khungu. Anafiira nkhope, nati Lolemba thirakitala idzakoka kanyumbako ndi tcheni, ndipo ndikawonjeza liwu lina ndikwera sitima ya ku Nyasaland. Azungu amatiuza kuti boma la Chitaganya ndi ubale wa akuda ndi oyera. Ubale wake ndi umenewu.

Zipupa sizinkandidetsa nkhawa, mitengo ndi dothi zili ponseponse. Nkhani inali udzu. Tchire lonse linali litapsa, udzu wofolera sukanapezeka mpaka chaka china, ndipo mitambo inali itayamba kale kugunda. Denga limenelo likaphwanyika, Nabanda akanabwerera kukatsokomolera ana, kapena kugona pamvula.

Loweruka ndinapita kwa akulu a mpingo kukapempha manja, chifukwa tsiku lopuma linali Lamulungu lokha. Anandiuza kuti Sabata sagwira ntchito, koma adzandikumbukira m'pemphero. Mmodzi ananong'ona kuti bwana adzaona amene wathandiza. Ndinatuluka osatsanzika. Pemphero langa tsiku limenelo silinali lokongola ayi. Ndinati, Ambuye, ngati muli ndi manja ndionetseni, chifukwa manja a ana anu ali m'matumba.

Lamulungu m'mawa ndinamva odi. Anali a Gwaza, mkulu woumitsa fodya m'mabalani, yemwenso ndi mkulu wa gule wamkulu pa komboni pathu, mmodzi wa anthu amene ife a mpingo timawatcha akunja. Kumbuyo kwawo kunali amuna a gulewo, atanyamula nkhwangwa ndi mitengo italiitali.

"A kalaliki, mukulirira denga ngati linamera mizu?" anatero a Gwaza. "Kwathu ku Dedza denga timamangira pansi n'kulikweza. Chimene chinakwera chimatsikanso."

"Ndiliika kuti? Kumtunda kwa miyala malo anga kulibe."

"Khola langa lili kumtunda, ndipo ndalipasula. Mbuzi zikagona kwa mlamu wanga. Tulutsani mayiwo, tisachedwe."

Anazika nsichi zatsopano pamene panali kholapo. Kenako anadula luzi lomanga denga ku zipupa, analowetsa mitengo pansi pa phaso, ndipo onse pamodzi analinyamula pamapewa. Abale, denga linayenda. Linakwera mtunda likugwedezeka, iwo akuyimba nyimbo zawo, zina za mawu oti sindingalembe pano. Linadutsa pafupi ndi tchalitchi, mkati akuyimba nyimbo ya Mulungu, kunja a Gwaza akukalipa, "Kumanzere iwe! Ukuyenda ngati kachasu wa dzulo sanakuchoke!" Pofika masana linali litakhala pa nsichi, osagwa ngakhale mtolo umodzi. Akazi awo anamata zipupa, ine ndinapha nkhuku, tinadyera limodzi.

Lolemba thirakitala inabwera n'kugwetsa dothi lopanda denga. Mvula itagwa, Nabanda anali pouma. Lero akulima yekha m'munda mwake, ndipo mwa ana athu palibe amene anatenga chifuwa. Ulemu ukhale kwa Mulungu.

Koma mverani zotsatira zake. Akulu a mpingo aja anandiitana kubwalo, nandiimitsa Mgonero chifukwa chophwanya Sabata ndi kudya ndi anthu a gule. Anati ndilape. Ndinawafunsa kuti ndilape chiyani, kuti mkazi wanga ali moyo? Ine gule sindivina ndipo sindidzavina, koma sindinganame pamaso pa Mulungu kuti amene anatuma anthu aja ndi Satana.

Inu amene mwapanikizika, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo lituluke ndi mkwiyo. Iye amamva. Ndipo thandizo likafika pakhomo, musalifunse kuti linabatizidwira kuti. Mgonero ukubwerawu chikho chidzandidutsanso, ndikudziwa. Ndidzakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo nyimbo yoyamika ndidzayimba mokweza kuposa onse amene amwa.